Makina omezanitsa a atsibweni a Muripa

Mwezi uno patha chaka chitisiyireni atsibweni anga, a Lufeyo Muripa. Abale atakhala pansi kukambirana zomanga chiliza, anati pakhalenso wina wolemba mbiri yawo. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndimasunga makiyi a kachipinda kawo ka makompyuta pa Thuchila. Ine sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo za makina ndimadziwa kutaipa ndi kupulinta basi. Pomwe ndaphonya, odziwa andikhululukire. Ndayesetsa kufunsa.

Ndiyambe ndi zomwe anthu akunena pamsika, chifukwa ndi zomwe zikundisowetsa mtendere. Akuti Lamulungu lililonse m'mawa, chitseko chili chokhoma, m'kachipindamo mumamveka phokoso ngati munthu akupeta mpunga chamumtima. Atelala oyandikana nafe analeka kubwera kudzasoka Lamulungu. Ana akamadutsa pakhondepo amathamanga. Ine sinditsutsa. Phokosolo lilipodi, ndipo ndimalimva. Koma kuti ndilifotokoze, ndiyenera kufotokoza kaye munthuyo.

Atsibweni anali munthu wa ambulera. Kaya kuli dzuwa loswa mtengo, ambulera yakuda inali m'khwapa, ndipo ankati wokhala m'munsi mwa phiri la Mulanje n'kumakhulupirira thambo ndi mlendo. Nsapato ankapukuta okha. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ati shuga ndi wobisira tiyi woipa, ndipo iwo anagwira ntchito pa esiteti nthawi yaitali mokwana kudziwa tiyi woipa. Anayamba ngati kalaliki woyeza masamba kumunda. Makompyuta atafika mu ofesi, anzawo ankawazungulira patali ngati njoka, koma iwo ankatsala masana anzawo akapita kukadya, n'kumawerenga mabuku akuluakulu omwe anabwera ndi makinawo. Atapuma ntchito anatsegula kachipinda aka. Ine anandilera kuyambira pomwe amayi anga, mlongo wawo Rozina, anamwalira ndili wamng'ono.

Akakwiya ankalankhula Chingelezi. Akakondwa ankalankhula Chichewa chosalala ngati cha pa wailesi, chosamveka kuti ndi cha kuno. Kalongonda, nyemba zija za Alomwe, sankadya pagulu. Koma nyengo yake ikafika ankandituma kumsika ndi kambale kovundikira, n'kumandiuza kuti wina akafunsa ndizinena kuti ndi zanga.

M'kachipindamo munali makompyuta awiri. Ya kutsogolo inali ya makasitomala: kutaipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a sukulu, mapulogalamu a ukwati. Ya kumbuyo inali pakona, yofunditsidwa chitenje chobiriwira, ndipo pansi pake ankaikapo thumba la makala kuti lizimwa chinyezi. Imeneyo munthu sankaikhudza. Ndinaionapo kangapo itayaka, ndipo pa sikirini panali chimodzimodzi ndi ya kutsogolo: zithunzi zomwezo, malo olembera omwewo. Ndinkangoti ndi mapasa. Sindinkadziwa kuti m'menemo munali mawu a amayi awo, agogo anga a Mwaliwa, omwe anamwalira ine ndisanabadwe, komanso kuti kunja kwa bokosi limenelo mawuwo kunalibenso kwina kulikonse padziko.

Zambiri zomwe ndikulemba pano sindinazimve mwachindunji. Zinadutsa pakamwa pa a Firida, mayi wachikulire wogulitsa mbande za mapeyala ndi mango tsidya la msewu, moyang'anizana ndi chitseko chathu. Chifukwa chake chimveka kutsogoloku. A Firida salankhula popanda kuthira mchere wawo, ndiye pena sindidziwa pomwe athera mawu a atsibweni ndi pomwe ayambira awo.

Awiriwa anakulira limodzi m'nyumba za antchito pa esiteti. Makolo awo onse anachokera ku Mozambiki, ndipo m'nyumba ankalankhula Chilomwe. A Firida akuti atsibweni ali mwana ankachilankhula mothamanga kuposa aliyense pa laini yawo. Kenako anapita kusukulu. Kumeneko anzawo ankawaseka kalankhulidwe, n'kumawaitana ndi dzina lija lonyoza lomwe sindilemba pano. Anabwerako atatseka pakamwa. Atakhala kalaliki n'kupatsidwa nyumba ya njerwa, anatenga amayi awo kukakhala nawo, koma anawapempha kuti alendo a ku ofesi akabwera azilankhula Chichewa kapena azikhala kukhitchini. Agogo Chichewa chinkawavuta. Ankakhala kukhitchini.

A Firida sanawakhululukire zimenezi. M'mawa uliwonse, atsibweni akamatsegula chitseko, mayiyo ankakuwa ali tsidya lija, mpeni womezanitsira uli m'manja:

"Moseliwa, Lufeyo!"

Umenewo ndi moni wa m'mawa wa Chilomwe. Atsibweni ankakweza ambulera pang'ono n'kuyankha kuti, "Gudumoning'i, madamu."

"Tamumvani mzungu wa pa Thuchila! Iwe, mamina ndinkakupukuta ndine!"

"Samalani mbande zanu, mayi, mbuzi iyo."

Zinali choncho chaka ndi chaka. Ogulitsa tomato ankachita kudikirira.

Koma matipate atabwera, anthu n'kuyamba kutulutsa poyera zomwe ankabisa, china chake chinawatembenuka m'kati. Agogo anali atafooka, Chichewa chochepa chija chitawathawa. Atsibweni anagula wailesi ya kaseti. Madzulo ankaiika pamkeka pomwe agogo ankasola nandolo, n'kuwauza kuti azingolankhula. Agogo ankaimba, ankatchula midzi yomwe anadutsa pobwera kuno, ankatchula akufa awo mmodzimmodzi. Anajambula makaseti odzaza katoni ya sopo. Agogo atamwalira anaitseka katoniyo osauza munthu.

Mulanje sasunga chinthu. Chiperoni, kamvula kowaza kozizira ka kuno, chikakhala sabata, ngakhale nsapato ya m'sutikesi imachita chuku. Atadzatsegula katoni ija patapita zaka, anapeza makaseti ena atamatana. Omwe anatsala anawasamutsira mu kompyuta, imodziimodzi, tepi ikuduka iwo n'kumalumikiza ndi selotepi. Atamaliza anapuma, poganiza kuti tsopano amayi awo ali pabwino.

Ndiye tsiku lina anafuna kumva nyimbo ina yomwe agogo ankaimba powasambitsa ali mwana. Inayamba bwinobwino. Itafika pakati, mawu anasanduka mkokomo ngati mvula ya pamalata, mpaka kumapeto. Magetsi anali atazimazima miyezi imeneyo, ndipo penapake disiki inavulala. Anathamangira pomwe anasunga kope lachiwiri, koma anapeza kuti anakopera chovulala chomwecho osadziwa. Kaseti yake inali itaduka kale zosalumikizika. A Firida akuti pofotokoza zimenezi atsibweni sankadandaula kwambiri za magetsi. Chomwe chinawawawa n'chakuti makinawo anataya theka la nyimbo n'kukhala chete, dzina la nyimbo lili pompo pa sikirini ngati zonse zili bwino. Ankati wantchito wothyola mbale n'kunena ndi wabwino, woopsa ndi wobwezera mbale yosweka m'kabati.

Apa ndi pomwe anachita chinthu chomwe msuweni wanga Madalitso, mwana wawo yekhayo, yemwe amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, akuti sanamvepo munthu wina kuno atachita. Ndifotokoza momwe iye anandifotokozera. Zomwe timaona pa sikirini, polembera, poonera zithunzi, pomvera nyimbo, ndi nthambi chabe. Pansi pa zonsezo pali pulogalamu imodzi yosaoneka, yomwe imalankhula ndi zitsulo: imauza disiki posunga, imamva kiyibodi, imatuma pulinta. Imeneyo amaitcha kenelo. Atsibweni ankagwiritsa ntchito mtolo wina wa mapulogalamu aulere, womwe anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana amasonkhanitsa, ndipo mtolo umenewo pafupifupi aliyense amauyendetsa pa kenelo yotchedwa Linux. Koma panali kagulu kochepa komwe kanayesa kuunyamula mtolo wonsewo n'kuukhazika pa kenelo ina, ya banja lotchedwa BSD. Pamwamba zonse zimaoneka momwemo. Pansi ndi pena.

Chomwe atsibweni anafuna pa kenelo inayo ndi kasungidwe kake. Masiku amenewo inali ndi njira yosungira zinthu yomwe imaika chizindikiro pa kachidutswa kalikonse, moti kakavunda imadziwa. Ukaipatsa madisiki awiri imalemba zofanana pa onse, ndipo kachidutswa kakawonongeka pa imodzi imakatenga kabwino pa inzake n'kukonza, kenako n'kukuuza. Anagula madisiki awiri, nasamutsa amayi awo kachitatu.

Sizinali zaulere. Kenelo yatsopanoyo inakana sikana yawo yojambulira mapepala, inakananso kadongolo ka intaneti. Makasitomala anayamba kubwerera pakhomo. Munthu wina akanabweza zakale, koma iwo anakagula kompyuta ina yakale n'kuiika kutsogolo, iyi n'kuikokera pakona. Patapita zaka zingapo anawerenga kuti kagulu kaja kakutha, anthu atopa, ndipo zatsopano sizizibweranso kawirikawiri. Akuti tsiku limenelo anatseka msanga n'kukakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Kenako anati mtengo sufota chifukwa woumezanitsa wasamuka, ndipo anapitiriza okha.

Ndi Madalitso sankamvana. Mkangano wawo waukulu ndinauona ndi maso, pa Khirisimasi ina. Madalitso anabwera atapsa mtima chifukwa anzake a kuntchito anamuseka kuti ndi Mlomwe wa dzina lokha, wosadziwa ngakhale kupempha madzi.

"Adadi, chinakuvutani n'chiyani kundiphunzitsa?"

"Ndinakupatsa Chingelezi. Chikukudyetsa."

"Sindinafunse za kudya."

"Ndiye ukafunse amene sanagonepo ndi njala."

Tsiku lomwelo Madalitso anavundukula chitenje chija, nati makinawa ndi akale, chilichonse chili m'menemo achikweze pa intaneti iwo asanalire. Atsibweni anamumenya padzanja ndi ambulera, munthu wamkulu wandevu zake. Anati zinthu zawo sasungitsa kunyumba ya munthu yemwe sanamuonepo nkhope. Madalitso anakwera minibasi ya m'mawa. Kunena zoona, pa nkhani imeneyi msuweni wanga sankalakwa. Atsibweni anamanga nkhokwe yolimba kwambiri, koma khomo lake ankalidziwa okha, ndipo anaiwala kuti nawonso ndi munthu.

Mavuto anabwera awiri motsatana, m'nyengo ya dzinja. Poyamba mphenzi inagwa pa waya wa magetsi n'kupsereza makompyuta onse awiri. Atsibweni anatsegula ya kumbuyo, nayang'ana madisiki aja, nati mwina apulumuka, apita ku Limbe kukafuna bokosi lina. Sanapite. Sabata yomweyo anagwa pakhonde akutsegula ambulera. Kuchipatala cha pa Boma anati ndi sitiroko.

Anatsitsimuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinali zitafa. Ndinawapatsa pepala kuti alembe, anangoyang'ana zilembo ngati nyerere. Kumva ankamva zonse. Koma atatsegula pakamwa, Chingelezi munalibe, Chichewa munalibe. Munatuluka Chilomwe chokhachokha, chothamanga, cha mwana. Ine ndinkangoti "Eya, atsibweni," osamva kanthu. Achinyamata a kuno ambiri timangodziwa moni.

Titawatulutsa m'chipatala, Madalitso anabwera ndi bokosi la kompyuta lomwe anapeza ku Blantyre, lopanda disiki, kuti kachipindako kayambenso kugwira ntchito. Nyumba yathu ili kuseri kwa kachipindako, ndipo atsibweni anakana kutsala. Tinawanyamula pampando n'kuwakhazika pafupi ndi khomo. Kunja kunali kamvula kowaza, phiri losaoneka.

"Mkazi wanga," anatero Madalitso, poti pachisuweni amanditcha choncho ngakhale akudziwa kuti ndimachita manyazi, "tawiritsa tiyi, amuna ako agwire ntchito. Ukaona lero uzindilemekeza."

Disiki ya kompyuta ya kutsogolo inali itapsa. Ndiye anamasula madisiki awiri a ya kumbuyo n'kuwalumikiza m'bokosi lake, nayatsa ndi fulashi yake ya Linux. Anayang'ana sikirini, napukusa mutu.

"Akuzungulira, koma m'kati mulibe chomveka. Onse awiri. Mphenzi inasokoneza."

"Sangakonzeke, achimwene?"

"Makinawa ndimawadziwa, Felesiya, ndi mtolo womwewu ndimagwiritsa ntchito ine. Chikanakhalamo chikanaoneka. Ndingowafomata, mawa uyambe kutaipa."

Kufomata ndiye kufufuta zonse kuti disiki iyambirenso ngati yatsopano. Atsibweni atamva mawu amenewo anayamba kulankhula mokweza. Anamenya pansi ndi ambulera ndi dzanja lamanzere.

"Adadi, zapsa izi. Pepani. Ndikugulirani ena."

Anakuwa kwambiri. Anayesa kudzuka, mpando n'kupendekeka, ine n'kuwagwira. Madalitso anapumira m'mwamba.

"Adokotala ananena kuti azivutika mtima chonchi. Tawatengera kunyumba, mwina phokoso likuwasokoneza."

Pa sikirini panali patabwera funso loti avomere kufufuta, chala chake chili pa kiyibodi. Ine sinditsutsana ndi akuluakulu. Koma ndinali ndisanaonepo atsibweni akulira, ngakhale pa maliro a akazi awo, ndipo apa misozi inkatsikira mbali imodzi ya nkhope. Ndinati, "Achimwene, chonde dikirani pang'ono pokha, tiyi asanapse," ndipo ndinathamanga kuwoloka msewu.

A Firida anabwera akudontha, mpeni wawo uli m'manja, akung'ung'udza kuti ndawasiyitsa kasitomala. Ataima pakhomo anawayang'ana atsibweni. Kunali masana, koma anati:

"Moseliwa, Lufeyo."

Atsibweni anayankha. M'Chilomwe, bwinobwino, mpaka kubweza funso.

A Firida anakhala pa thumba la makala lija. "Ha! Moni wanga wa zaka zonsezi unkausunga kuti, mfiti iwe?" Kenako anatembenukira kwa Madalitso. "Iwe, chotsa dzanja pamenepo. Akuti m'menemo muli amayi ake."

"Agogo anamwalira kalekale, mayi. Mukuona, mutu wawo…"

"Pa malirowo ndinaphika ndine, usandiphunzitse. Akuti mawu awo. Makaseti. Khala chete ndimve."

Atsibweni analankhula nthawi yaitali, akupumira, akuloza mpeni wa a Firida ndi chibwano. A Firida anayamba kuseka misozi ili m'maso.

"Tamverani munthuyu. Zaka zonsezi akundinyoza ndi mbande zanga, kani amandionera! Akuti makinawa ndi omezanitsa. Akuti iwe waona masamba ndiye ukuti mtengo ukuudziwa. Nthambi ndi zomwe ukuzidziwazo, koma tsinde ndi la mtengo wina. Akuti chomwe wabweretsa pa kafulashi kakocho ndi tsinde lako, ndipo silingamve zomwe linasunga tsinde lake."

Madalitso anachotsa dzanja pa kiyibodi pang'onopang'ono, ngati pali njoka. Anagwada patsogolo pa bambo ake.

"Adadi, munasintha kenelo?"

Atsibweni anagwedeza mutu movomera.

"Munaika iti? Ya BSD?"

Anatseka maso, nagwedezanso.

"Mayo ine," anatero Madalitso. Anazimitsa makinawo pa khoma penipeni, osadina china chilichonse. Kenako anatembenukiranso kwa bambo ake. "Kuno ku Thuchila? Nokha? Osandiuza?"

"Akuti unali ndi ndevu zambiri, sukanamva," anatero a Firida. Sindikudziwa ngati atsibweni ananenadi zimenezo.

Zotsalazo anachita ndi Madalitso, ndipo ndikufuna abale adziwe kuti popanda iye sitikanamva kanthu. Anafufuza pa foni yake, akuyendayenda pamsewu kusaka netiweki, mpaka anapeza kuti masiku ano Linux ikhoza kuphunzitsidwa kuwerenga kasungidwe kameneko ukaiwonjezera kapulogalamu kena. Mawa lake chakumasana anatiitana. Pa sikirini yakuda panali patatuluka dzina lomwe atsibweni anapatsa madisiki awiriwo: mwaliwa.

Analumikiza sipika. Poyamba kunamveka nandolo zikugwera m'lichero, ndi thirakitala patali. Kenako mawu a mayi wokalamba, okhuthala, osathamanga. Ankalankhula Chilomwe. Pakapita kanthawi kunkamveka mwamuna akuyankha m'Chichewa chosalala, "Eya, amayi. Pitirizani." Anali atsibweni, asanakalambe. Kwinakwake kuseri mtsikana anaseka, kuseka kokoka mpweya kumapeto.

"Amayi ako awo," anandiuza a Firida osanditembenukira. "Rozina ankaseka choncho, ngati akumira."

Ine mawu a amayi anga sindinkawakumbuka. Pamenepa sindilembapo zambiri.

Chakumapeto kwa kaseti imeneyo nandolo zinasiya kugwa. Agogo ananena mawu ochepa, okwera kumapeto, ndipo ngakhale ine ndinamva kuti ndi funso. Munali liwu loti mwanaka, lomwe limatanthauza kuti mwana wanga. Ndiye panali zii. Tepi inkangozungulira. Mwamuna wa m'kasetiyo sanayankhe, ngakhale m'Chichewa. Kunangomveka mpando ukukhwekhwereza, kenako kudina kozimitsa.

Apo atsibweni, ali pampando wawo pafupi ndi khomo, anayankha. Analankhula moyang'ana sipika, motsitsa, nthawi yaitali ndithu, mpaka mawu anawathera. A Firida anadziphimba kumaso ndi chitenje.

"Akuti chiyani?" anafunsa Madalitso monong'ona. "Agogo anafunsa chiyani?"

"Afunsa ndi amayi ake, wayankha ndi mwana wawo. Iwe zikukukhudza pati?" anatero a Firida.

Atsibweni anakhala nafe mpaka dzinja linalo litadutsa. Chichewa sichinabwerere. A Firida ankabwera masana aliwonse ndi machubu awo odzalamo mitengo, n'kumamezanitsa mbande pakhonde pathu, awiriwo akukangana m'Chilomwe ngati ana. Ndi pa nthawi imeneyo pomwe ndinamva zonse ndalemba pamwambazi. Kalongonda anayamba kudyera pakhonde, anthu akuona.

Madalitso anakopera mawu onse m'mafoni mwathu ndi pa intaneti, ndipo ulendo uno ambulera sinadzuke. Koma atsibweni anaumirira chinthu chimodzi: madisiki awiriwo abwerere pa tsinde lawo lakale. Madalitso anawauza kuti palibenso chifukwa, kuti omwe ankapanga zimenezo anasiyiratu, kuti makinawo adzakhala okhaokha ngati nyumba ya pakati pa tiyi. Atsibweni sanasinthe maganizo. Msuweni wanga anang'ung'udza, koma anasakasaka mpaka anapeza kope lakale la mtolo womezanitsawo, ndipo anabwera Loweruka kangapo kudzaumanganso, bambo ake akumulangiza kudzera mwa a Firida. Mayi yemwe sanagwirepo kiyibodi ankakalipira katswiri wa ku Blantyre kuti, "Akuti wayambira kolakwika, mutu ngati dzungu!" Ndikuganiza kuti masiku amenewo ndi omwe bambo ndi mwana anacheza kwambiri m'moyo wawo wonse.

Chomaliza chomwe anapempha chinali choti makinawo azidziyendera okha Lamulungu lililonse m'mawa, monga ankachitira kale: aziwerenga kachidutswa kalikonse pa madisiki onse awiri, kuona ngati pali povunda. Kale phokoso lake silinkamveka chifukwa Lamulungu atsibweni ankakhala momwemo ndi wailesi yawo. Anamwalira m'mawa wina kukugwa chiperoni, a Firida asanawoloke msewu kudzapereka moni.

Ndiye phokoso lija ndi limenelo. Atelala ndinawafotokozera, anandimvetsera mwaulemu, koma Lamulungu sabwerabe.

A Firida maso ayamba kuwavuta, ndipo mbande akumezanitsa ndi mdzukulu wawo. Ndimapita kwawo ndi foni, n'kumawaseweretsa makaseti aja pang'onopang'ono, iwo n'kumandimasulira. Tsopano ndimadziwa kupempha madzi, ndimadziwa maina a midzi ina ndi a akufa athu. Tikafika pa funso lija amati ndidumphe. Ndinawapempha kamodzi kokha. Anati ndikadzachidziwa Chilomwe ndidzalimva ndekha, ndipo pamenepo ndidzakhala woyenera kulimva.

Kachipindako sikanasinthe kwenikweni. Kutsogolo ndimataipa monga kale. Mpando wawo uli pafupi ndi khomo, ndipo makasitomala saukhalira ngakhale mipando ina itadzaza, sindikudziwa anawauza ndani. Ambulera ili pa msomali. Makala a m'thumba ndimasintha mwezi ukatha. Pakona pali chitenje chobiriwira chija, ndipo pansi pake kagetsi kamaphethira.

Lamulungu lapitali sindinapite kutchalitchi. Ndinatsegula, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, chitseko chotseka. Nkhungu inali itatsika mpaka pamsika. Nthawi itakwana madisiki anayamba okha, kupeta kuja, ndipo ndinadziwa kuti akudutsa pa nandolo, pa thirakitala, pa theka la nyimbo ndi mkokomo wake, pa kuseka kwa amayi anga. Akudutsanso pa funso la agogo, ndi pa zii yemwe akutsatira, poti kwa makina zii nayenso ndi chinthu choti asungidwe, asavunde ngakhale pang'ono. Yankho lokha ndi lomwe mulibe. Tsiku lija tonse tinali ndi mafoni m'manja, koma palibe anaganiza zojambula.

Atamaliza, makinawo analemba uthenga wawo wa sabata ndi sabata. Amaulembera mwini wake, pa dzina lomwe Madalitso sanafune kusintha, lufeyo. Ndi mzere umodzi wa Chingelezi, wonena kuti ayendera zonse ndipo palibe chomwe chawonongeka. Ndinauwerenga mokweza, m'Chichewa, moyang'ana mpando. Kenako ndinabwezera chitenje.